Mwana wa Chitsulo Saposa Amake

Dagoberto Zulueta sanakhalepo ndi galimoto. Zaka makumi asanu ndi awiri za moyo wake wayenda wapansi ndi pa basi, ndipo zina mwa basizo ndinkayendetsa ndine. Koma mu Havana muno aliyense amene anali ndi Chevrolet yakale yokhala ndi injini yake yobadwa nayo ankalidziwa khomo lake ku Luyanó, kuseri kwa nyumba yophikira buledi. Ukafuna kugula chitsulo cha injini, wogulitsa n'kumalumbira pali amake kuti n'chochokera ku fakitale, nonse awiri munkatengana kupita kwa Dago. Iye akati n'chenicheni, mtengo unkakwera pomwepo. Akati n'chopanga, wogulitsa ankachikulunganso m'nyuzipepala n'kutuluka osatsanzika.

Kuno zitsulo zinasiya kubwera ife tikadali ana a sukulu, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wodziwa kugwira ng'anjo wakhala akupanga zake. Palibe cholakwa pamenepo. Popanda anthu amenewo bwenzi tonse tikuyenda pa abulu. Galimoto zambiri zimene zimatsokomola utsi mumsewu wa Neptuno zili ndi injini za dizilo za ku Korea kapena ku Russia, ndipo eni ake alibe nazo ntchito zoti chitsulo chinabadwira kuti, bola chizizungulira. Koma pali kagulu kena, anthu a kalabu ya galimoto zakale, amene amakumana Loweruka masana kumatsegulirana maboneti. Amenewo chitsulo chopanga m'injini amachiona ngati ntchentche m'mkaka. Ndawaonapo akupukuta injini ndi malaya abwinobwino pamene kunyumba kwawo mpope ukudontha chaka chachitatu, koma nkhani imeneyo si ya lero.

Dago sankapupuluma. Chitsulo ankayamba wachinunkhiza, chifukwa ena amaika chatsopano m'madzi amchere kuti chichite dzimbiri n'kuoneka chokalamba, ndipo dzimbiri la sabata imodzi limanunkha nyanja. Kenako ankachipachika pa waya n'kuchigogoda ndi kasipanala, khutu ali tcheru. Chowotcherera, ankatero iye, chimalira ngati munthu wa chimfine. Manambala ankawawerenga ndi chikhadabo. Malipiro ake anali paketi ya khofi, ndudu ziwiri, nthawi zina mwendo wa nkhumba munthu akakondwa kwambiri. Sankagula, sankagulitsa, ndipo wogulitsa wina amene anayesa kumusiyira envelopu pansi pa mbale anakaitola yekha pakati pa msewu. Mkazi wake anamwalira kalekale, mwana wake wamkazi ali ku Spain ndipo amaimba foni pa Khrisimasi. Chimene munthuyu anali nacho padziko ndi mawu ake basi.

Bambo ake, a Casimiro, anali ndi ng'anjo ku Regla, tsidya lina la doko. Ankasungunula zitsulo zakutha n'kuumba miphika, masimbi ositira ndi mahinjesi a zitseko. Ndinawadziwa: munthu wakuda bii ndi mwaye, wosayankhulayankhula, amene ukamuyamikira ankangoti iye ndi wopanga miphika chabe. Chala chawo chamanthu cha kumanja chinali ndi chipsera chong'ambika pakati, sowo inawadula ali mnyamata. Anali ndi chizolowezi choti asanatseke chikombole cha mchenga ankadinda chalacho pamalo posaonekera. Mphika wanga wophikira nyemba zakuda ndi wa manja awo, ndipo ukautembenuza umapeza kachotupa kangati nyemba yaikulu, kokhala ndi mzere pakati.

M'chaka cha 1987, atatsala masiku ochepa kuti amwalire, a Casimiro anaitana Dago n'kumupatsa pampu ya madzi ya Chevrolet ya 1955, yokulungidwa m'thumba la shuga. Anamuuza kuti anaitenga m'bokosi lake tsiku limene sitolo ya galimotozo inkatsekedwa, kuti sinamangidwepo pa injini ina iliyonse, ndiponso kuti asadzatsegule chivundikiro cha kumbuyo chifukwa mabawuti ake anamangidwa ku fakitale. Ng'anjo inali ya lendi, nyumba inali ya boma. Pampuyo ndiye chinali chuma chonse cha masiye.

Ntchito ya Dago inayambira pa pampu imeneyo, ndi pa lamulo limodzi limene anaphunzira ku ng'anjo. Munthu wopanga chitsulo chabodza amatenga chenicheni, kuchidinda mumchenga, n'kuthiramo chitsulo chosungunuka. Koma chitsulo chikamazizira chimadzikoka. Chotuluka m'chikombolecho chimachepa pang'ono poyerekeza ndi chimene anadindira, ndipo wina akadindiranso pa chopangacho, chake chimachepa kuposa pamenepo. Dago ankati mwana wa chitsulo saposa amake. Anawanena mawuwa kambirimbiri mpaka madalaivala ankamutsanzira m'malo omwera mowa, mawu atawakulitsa ndi chala chili m'mwamba.

Pampuyo ankaitchula kuti Amayi. Inkakhala pa shelefu yapamwamba, pansi pa chithunzi cha Namwali Mariya. M'kupita kwa zaka anasonkhanitsa zitsulo zina zoyerekezera, koma zinazo anali nazo ngati zida chabe. Ndipo anali ndi mwambo umene anthu ankamukhulupirira nawo: sankayeza mobisa. Ankatsitsa Amayi, kutsegula kalipa, chida choyezera chonga mbano, kuchokera ku khutu lina la pampu, pomangira bawuti, kufika ku linzake, kumanga kalipayo kuti isasunthe, kenako n'kuipereka kwa wogula kuti aiveke yekha pa pampu yobwera nayo. Ikagwedera, ameneyo ndi mwana kapena mdzukulu. Ikalowa mothina bwino, ndi yeniyeni. Pa zaka makumi atatu, pampu zimene kalipa inakwana sizinapitirire makumi anayi, ndipo eni ake ankayenda modzitukumula ngati apambana mpikisano.

Maso ake atayamba ng'ala, ine ndinali nditapuma kale pa ntchito ya basi, ndipo ndinkakhala pakhomo pake masana onse kuyembekezera anzathu osewera nawo madomino. Ndinangopezeka ndasanduka maso ake. Ankandipatsa kalipa kuti ndimuwerengere timizere, n'kumanditukwana kuti munthu woyendetsa basi zaka zonsezo osaona okwera pasiteji angaone bwanji milimita. Ine ndinkamuyankha kuti okwerawo ndinkawaona, ndinkangowasiya dala.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachiwiri, mwezi wa June, nyengo ya anamondwe itangoyamba. Kunabwera mayi wina wa ku Cerro, dzina lake Migdalia, wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, atanyamula chikwama cha kumsika chimene chinkamupendeketsa phewa. Mwamuna wake Eladio anali atamwalira mu March. Galimoto ya banja lawo, imene apongozi ake anagula yatsopano, anaiika injini ya dizilo kalekale n'kuigulitsa, koma Eladio anasunga pampu yake m'kabati ya zovala, m'malaya akale, ndipo nthawi zonse ankati tsiku lina idzawathandiza. Tsopano denga la chipinda chogona linali litang'ambika, zitsulo za mkati mwa simenti zikuonekera, ndipo mmisiri anali atamuuza kuti chimphepo china chikadzadutsa lidzamugwera ali mtulo. Ankafuna simenti mvula yaikulu isanafike.

Wogula anabwera naye limodzi, m'galimoto yopanda denga ya mtundu wa pinki. Anali Yoandry, mnyamata wa zaka makumi atatu ndi zingapo amene ali ndi galimoto zitatu zonyamula alendo odzaona malo, wa tcheni chagolide ndi mawu okweza. M'kalabu ankadzitama kuti m'injini zake mulibe ngakhale bawuti imodzi ya mumsewu. Mapampu onse atatu a galimoto zakezo anawagula atadutsa pa kalipa ya Dago. Iyi ankafuna yoti izikhala posungira.

"Madala, mukadali moyo?" anatero Yoandry polowa. "Ndabwera ndi mayi awa, akuti ali ndi golide m'jumbomo. Tawaonerani msanga, alendo akundidikira pa hotela."

Dago anapatsa mayiyo mpando, n'kumasula malaya aja pang'onopang'ono. Ananunkhiza. Anapachika pa waya n'kugogoda, ndipo pampuyo inalira bwino, mawu aatali oyera. Atayendetsa chikhadabo pa manambala ndinaona kuti wachedwapo, wabwereranso kachiwiri. Ndinamutsitsira Amayi, iye anatsegula kalipa, kuimanga, n'kuipereka kwa Yoandry monga mwa nthawi zonse.

Kalipa inakana kulowa.

Yoandry anayesa uku, anayesa uko, anakankha mpaka Dago anamugwira dzanja kuti angapinde chida. Zoti kalipa ikugwedera tinaziona kambirimbiri m'chipinda chimenecho, zoti yakwana tinaziona apo ndi apo, koma zoti yachepa zinali zisanachitikepo. Dago anandipatsa kalipa ina kuti ndiyeze pampu ya mayiyo payokha. Ndinayeza kawiri. Ndinamuuza kuti yaposa Amayi ndi mamilimita awiri.

Yoandry anaseka, osati moipa. Anauza mayiyo kuti asadandaule, zimachitika, mwina malemu anapusitsidwa, kapena khutu linathyoka n'kuwotcherera, kapenanso ndi ya lole. Anati poti avutika kale kubwera mpaka kuno, iye aitenga pa mtengo wa chitsulo chakutha, apezeko ya basi yobwererera. Migdalia anayamba kupinda malaya a mwamuna wake, maso ali pansi, ngati munthu amene anazolowera kuti zinthu zimatha chonchi.

Ine ndinali nditazindikira kale. Chitsulo sichikula. Ngati pampu ya mayiyo inali yoposa, ndipo inalira mopanda chowotcherera, ndiye kuti yopanga inali ya pa shelefu ija, ndipo zonse zimene Dago anavomereza zaka makumi atatu zinali zopanganso. Yoandry sanafike nako kumeneko, chifukwa mutu wake unali pa alendo a ku hotela. Bodza anali atalinena kale yekha, Dago sankafunika kuwonjezapo liwu. Ankangofunika kukhala chete. Ndinene zoona, ine ndinkafuna akhale chete. Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Mayiyo sindinkamudziwa, koma Dago ndinali nditakhala naye moyo wonse, ndipo ndinkadziwa kuti dzina lake likagwa alibe china chogwira.

Anachotsa phazi lake pansi pa langa. Anayatsa kachidutswa ka ndudu kamene kanali m'mbale, kukoka kawiri, n'kukazimitsanso.

"Yoandry," anatero, "mwana wa chitsulo amatani?"

"Saposa amake, madala. Nyimbo imeneyo ngakhale galu wanga amaidziwa."

"Ndiye pa awiri ali patebulowa, mayi ndi uti?"

Mnyamata uja anayang'ana pampu ina, n'kuyang'ana inzake. Kumwetulira kunachedwa kuchoka pankhope pake, ngati kuti kukuyembekezera nthabwala imalizike. Dago anaika dzanja pa pampu ya Migdalia n'kunena kuti iyi ndi ya ku fakitale, yoyamba kuiona m'moyo wake, ndipo manambala ake ndi akuthwa ngati anadindidwa dzulo. Yake ya pa shelefu ija, anati, manambala ake anali ofewa kuyambira kale, koma iye ankaganiza kuti afafanizika ndi manja ake omwe.

"Nanga zitatu zanga zija?" anafunsa Yoandry.

"Zinakwana pa kalipa."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti ndi abale ake a yangayi. Mimba ina, koma msinkhu umodzi."

Zimene Yoandry ananena pambuyo pake sindizilemba zonse. Anamutcha mbala yovala magalasi, anamufunsa kuti khofi yense uja ankamwera chiyani, anati akauza kalabu yonse Loweruka lisanafike. Anatembenukira kwa ine n'kunditcha galu wolondolera wakhungu, ndipo ndikanakhala ndi zaka zanga zakale bwenzi tcheni chake atachimeza. Dago anamvetsera zonsezo manja ali pa mawondo. Mnyamatayo atapuma, Dago anamuuza mtengo woyenera wa pampu ya mayiyo, n'kuwonjeza kuti akapanda kuigula iye, pofika mawa anthu khumi a kalabu adzakhala ali pakhomo pa mayiyo ku Cerro. Yoandry anatukwananso, koma wamalonda ndi wamalonda. Anagula osachotsapo kanthu.

Migdalia sanamvetse bwino chimene chinachitika, ndipo palibe amene anamufotokozera. Anangofunsa ngati zimenezo zikwanira simenti ndi mmisiri. Dago anati zikwanira, ndipo asalole mmisiriyo kusakaniza ndi mchenga wa kunyanja. Mayiyo anathokoza mwaulemu, anasiya paketi ya khofi patebulo, n'kufunsa komwe angakwerere basi. Malaya a Eladio anapita nawo. Sitinamuonenso, ngakhale ndinamva kuti denga analikonza mu July.

Mbiri siyenda pa basi. Pofika madzulo madalaivala onse oima pa Parque Central anali atamva, ndipo Loweruka anthu a kalabu anatsegula maboneti ali chete ngati pamaliro. Sabata yotsatira ena anabwera ku Luyanó ndi mapampu awo m'manja kudzafunsa kuti tsopano atani. Dago ankawauza zoona, kuti pampu zawo ndi zopanga, ndipo zipitiriza kupopa madzi monga zakhala zikuchitira. Yankho limenelo silinasangalatse aliyense. Wina analavulira pakhomo. Anamupatsa dzina loti Mamilimita Awiri, ndipo ana a mumsewu, osadziwa n'komwe tanthauzo lake, ankalifuula akamadutsa. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ngakhale amene pampu zawo anazikana kale anabweranso kudzadandaula, ngati kuti kulakwa kwa Dago kukanakulitsa zitsulo zawo.

Pofika September kunalibenso wobwera. Anthu a kalabu anapeza woweruza wina ku Marianao, mnyamata wa foni yodzaza zithunzi za m'mabuku zimene msuweni wake amamutumizira kuchokera ku Miami. Akuti sanunkhiza kanthu. Ine ndinapitiriza kupita kwa Dago masana, tsopano nditanyamula khofi wanga. Sindinamufunsepo chifukwa chimene anayankhulira tsiku lija, ndipo iye sanandifunsepo za phazi langa. Amayi anawabwezera pa shelefu pawo, koma dzinalo sankalitchulanso.

Lamlungu lina masana, anzathu a madomino asanafike, ndinamupeza ataika pampu ija patebulo, chafufumimba, pambali pali sipanala ndi kabotolo ka mafuta. Mabawuti asanu ndi limodzi a chivundikiro cha kumbuyo anali atawakanda penti. Anati ndimuthandize kuwamasula. Anali olimba ndithu, zaka zonsezo osakhudzidwa, ndipo lomaliza linatitengera nthawi yokwana kuphika mpunga. Chivundikiro chitachoka, anandipatsa tochi kuti ndiunike mkati ndi kumuuza chimene ndikuona.

Ndinaunika. Mkati munali moyera, mopanda dzimbiri, madzi sanadutsemo chiyambire. Pakona, kuseri kwa chopalasira madzi, panali kachotupa kangati nyemba yaikulu, kokhala ndi mzere pakati.

Ndinati sindikuona bwino, tochi yatha mphamvu. Dago anandiyang'ana ndi maso ake otuwa aja, n'kulowetsa yekha dzanja. Anafufuza pang'ono, kenako dzanjalo linaima. Panja pankadutsa wogulitsa mapeyala akufuula malonda ake, anafika kumapeto kwa msewu n'kubwereranso, Dago akadali chomwecho.

"Mamilimita awiri okha, Nicasio," anatero pomaliza. "Ndi mchenga wa ku Regla ndi makala. Ine wa chikhadabo changa chonsechi, zaka makumi atatu, osawagwira."

Ndinamufunsa ngati wawakwiyira bambo ake. Anapukusa mutu pang'ono, mosaonetsa kuti akuvomera kapena akukana.

"Akanangondiuza kuti ndi ya manja awo," anatero, "ndikanaisunga chimodzimodzi."

Anzathu a madomino anagogoda pachitseko, ine ndinapita kukawauza kuti lero kulibe masewera. Pobwerera ndinamupeza asanatulutse dzanja, chala chake chamanthu chili pa chala cha bambo ake.